Bwana Nyani ndi Mphasa ya Mumlengalenga

Padangokhala. Wina avomere kuti tili tonse, nthano siyenda ndi mwendo umodzi.

Padangokhala Bwana Nyani, mwini wake wa maulendo a m'mwamba. Mukudabwa kuti nyani ndi zouluka zikugwirizana pati? Zikugwirizana pa zala. Mbalame zinali ndi mapiko koma zala zinalibe, pomwe dengu lonyamulira apaulendo limafuna woluka, limafunanso womanga mfundo kunsi kwa mimba ya mbalame. Woluka anali Nyani, womanga Nyani, womasula Nyani yemweyo. Ubwana wake unachokera pomwepo. Iye mwini chibadwire anali asanaulukepo. Ukamuuza kuti akwereko, ankati mutu wa kampani sukhala m'dengu.

Madengu ankanyamukira pa mlambe wina waukulu. Ankakwera agologolo, achule, akanungu, mbira, aliyense wa miyendo yaifupi koma abale akutali.

Tsono pangano la ntchito silinali lolemba ayi. Linali nyimbo. Mwambo wake unali wakuti nyimbo imene bwana wayambitsa, Bungwe la Amapiko n'kuvomera, imeneyo ndiyo pangano, ndipo singasinthe pokhapokha bwana yemweyo ataiyambitsa mwina, mbalame n'kuvomeranso. Ankaiimba m'mawa uliwonse madengu asananyamuke. Inali yozuna, yapang'onopang'ono ngati yotonthozera mwana, ndipo inkanena kuti phiko lokupiza lili pantchito, phiko lokhala chete likupuma, ndipo wopuma asadandaule.

Nyimboyi anaipeka kalekale, onyamula madengu ali nkhunda ndi abakha. Amenewo akakhala m'mwamba amakupiza basi, akaleka ndiye kuti atera. Kwa iwo nyimboyo inalibe bodza. Koma maulendo atatalika, Nyani analemba ntchito adokowe, miimba ndi avuwo. Awa amakupiza pang'ono ponyamuka, akapeza mphepo yotentha imene imakwera kuchokera pansi amangotambasula mapiko, tsiku lonse phee. Antchito anasintha, nyimbo inatsala yomwe ija.

Ndiye Nyani ankaika dzanja pachipumi, n'kuyang'ana kumwamba.

"Taonani mwayi wa anzathu. Akupuma."

Mbalame ikangotera, iye wafika kale ndi luzi m'manja.

"Mwapuma tsiku lonse, a Kaputeni. Dengu lina ili."

Mwa onsewo wamkulu anali Kaputeni Dokowe, mayi wachikulire amene anaphunzitsa theka la bungwelo kuuluka ndi katundu. Iwo ankatera mofatsa moti dzira silikanagubuduka m'dengu. Chiyambire chilimwe, amayiwa anali asanagonepo tulo tokhuta. Akatera ku ulendo wakumpoto, wakumwera ukuwadikira.

Tsiku lina ananyamula ukwati wa agologolo. Ali pakati pa ulendo, maso analemera, khosi linagwa, dengu n'kupendekeka. Mtsuko wa thobwa unapita. Azakhali a mkwatibwi anatsala lendee kunja kwa dengu, mkamwini atawagwira mchira. Kaputeni anadzidzimuka n'kuwongola, palibe anafa. Koma mchira wa azakhaliwo unafufuma ndi mantha, ndipo mukaona bwino agologolo mpaka lero sunaphwe.

Nyani anaweruza mlanduwo ataimirira.

"Munthu wapuma kuyambira m'mawa, n'kugonanso pamwamba pake? Umenewu ndi ulesi wa nsanjika. Tsiku la msika ndidzakudulani nthenga za m'mapiko, onse akuona."

"Bwana, ndinatopa," anatero a Dokowe.

"Munatopa ndi kupuma?"

Amayiwo anayang'ana mapiko awo. Dokowe wodulidwa mapiko amayenda pansi ndi nkhuku, kutola madeya kuseri kwa nkhokwe za eni.

Bungwe la Amapiko linakumana. Wapampando anali a Muimba, amene dazi lawo amati linabwera ndi misonkhano. Anayankhula za umodzi, anayankhula za mbiri ya bungwe, anapempha kuti pasankhidwe kagulu kofufuza. Ali mkati moyankhula, kunamveka kamawu kuchokera kumbuyo.

"A wapampando, kagulu kanuko kakamamaliza kufufuza, amayiwa adzakhala ataikira kale mazira m'chipwere cha nkhuku."

Anali Nthengu, kambalame kakuda ka mchira wa mphanda. Iye dengu sankanyamula, likanamupsinja. Ankakwera pamsana pa Kaputeni Dokowe n'kumadya ntchentche zovutitsa apaulendo, ndipo kudyako ankakutcha ntchito.

"Iwe uli m'bungwe muno ngati ndani?" anafunsa a Muimba.

"Ngati wodya, achimwene. Amayiwa akadulidwa, ine ndikwera ndani? Inu mumanunkha."

Mbalame zinaseka, a Muimba anakanda dazi.

"Chabwino, pakamwa. Kayese."

Nthengu anapita kwa Nyani atagubuduzitsa maungu awiri akupsa.

"Bwana, mwaonda ndi ntchito. Bwerani mupumeko ngati Kaputeni. Tambasulani manja, dzungu uku, dzungu uku. Osagwedeza. Kupuma kwenikweni."

Nyani anatambasula. Posakhalitsa mapewa anayamba kuyaka, thukuta kamukamu, manja njenjenje. Nthengu anayamba kale kuvina pa nthambi. Koma Nyani sanakhale bwana ndi zala zokha. Anabwerera chafutambuyo mpaka pakati pa zitsa ziwiri, n'kutsamiritsa zigongono.

"Aaa! Tsopano ndamvetsa," anatero. "Ine ndatsamira zitsa, inu mumatsamira mphepo. N'kokoma ndithu kupuma kwanuku."

Maungu aja anadya onse awiri. M'mawa mwake anayambitsa nyimbo ija mokweza, ya phiko lokhala chete, ndipo mbalame zinavomera mitu ili pansi.

Nthengu anabwerera ku bungwe.

"Akuti ntchito ndi kukupiza? Tiyeni tikupize. Lero aliyense akupize kuchoka pa mlambe mpaka kofika, osaleka. Akatiwerengera ntchito, atipatsanso tulo."

Mayo ine, tsiku limenelo! Mapiko a muimba sanapangidwire zimenezo. Madengu ankadumpha ngati ali pamsana pa bulu. Achule anasanza. Kanungu anadzipinda ndi mantha n'kumagubuduka m'dengu, kubaya aliyense, mpaka m'busa wa mpingo wa mbira anatukwana. A Muimba anatera lilime lili panja, phiko lina likukwekwereza pansi.

Nyani anawombera m'manja.

"Lero ndiye mwagwira ntchito, ndaona ndi maso angawa. Ndiye kuti masiku ena onse aja munkapuma. Zikomo a Nthengu pondipezera umboni."

"Nanga tulo tathu?" anafunsa a Muimba akupuma mwabefu.

"Mwatopadi. Mawa mupume tsiku lonse. M'mwamba, ndi madengu."

Kutacha anayambitsanso nyimbo. Mbalame zinavomera ndi mawu osasa, zina zikuyang'ana Nthengu ndi diso loti tikakupeza patokha.

"Nzeru zako zatithyola nthiti," anatero a Muimba. "Ukayesanso, ndikumeza osatafuna."

"Mukhoza kutsamwidwa, achimwene. Mchirawu ndi wa mphanda."

Tsiku la msika linafika. Nyani anakhala pansi pa mlambe akunola lumo. A Dokowe anaima pambali, maso ofiira, akudikira. Nthengu anatera pafupi ndi mwala wonolera, mapiko ali goo, akusisima.

"Bwana, ndagonja. Munatigwira kalekale."

"Ndinakugwirani chiyani?"

Nthengu anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Za mphasa."

Lumo linaima.

"Mphasa yanji?"

"Ya kumwamba. Munanena zoona tsiku la maungu lija, timatsamira. Pamwamba penipeni pali mphasa ya mphepo, yosaoneka, yotambalala kuposa msika uno. Akafika pamenepo amangogonapo chafufumimba, mapiko tambasu. Ena amafika pochita mkonono."

"Ndinadziwa!" Nyani anamenya bondo. "Ndinadziwa ine! Mphasa pa njira yanga, mwini wake osauzidwa?"

"N'zimene zimandiwawa, bwana. Malo onse aja angokhala. Apaulendo bwenzi akutsikirapo kuwongola miyendo. Wina wanzeru bwenzi ataikapo kamsika, chimanga chootcha, thobwa. Koma wanzeruyo ali kuti?"

"Ali pano. Ikupezeka pati mphasayo?"

"Apo ndiye pavuta. Yaikuluyo amaidziwa ndi amayi okhawa, ndipo inu mukuwadula. Basi, dulani, chinsinsi chipite ku nkhuku."

Mbalame zinamva zonsezo.

"Wogulitsa anzake!" anakuwa a Muimba. "Bodza lotere pa mayi amene wakubereka pamsana zaka zonsezi?"

"Mwamva, bwana?" anatero Nthengu. "Akukana. Wobisa amakana."

Nyani anaika lumo pamwala. Anamanga dengu kunsi kwa a Dokowe, mfundo zake zolimba kuposa masiku onse, popeza lero wokwera anali mwini khungu. Anatenga zikhomo ndi chibonga, zokakhomera malire a malo ake atsopano. Analowa m'dengu, n'kutseka maso.

Nthengu anakwera pamsana, n'kunong'oneza kukhutu kwa Kaputeni.

"Amayi, tikafika pamwamba, ndikakutsinani munamizire kugona. Pang'ono pokha, timuopseze."

"Ndamva, mwanangu," anatero amayiwo, mawu akuchokera kutali.

Anakupiza kangapo, dengu linachoka pansi. Bungwe lonse linanyamuka pambuyo pawo, madengu osatenga, kuti likaone mathero a bodzalo.

Kenaka kukupiza kunaleka.

Nyani anadikira kugwa. Sanagwe. Anamva thupi lake likukwera, likukwera, ngati pali dzanja lalikulu pansi pa dengu. Phokoso la msika linachepa, linasanduka ngati la njuchi, kenaka zii. Kunatsala kamluzu kakang'ono ka mphepo m'nthenga.

Anatsegula diso limodzi. Anatsegula linalo. Kukamwa yasa.

Mbalame zinali paliponse, pamwamba pake, pansi pake, mbali zonse, zikuzungulira pamodzi ngati zikukwera makwerero amene iye sankawaona. Panalibe yokupiza, panalibe yolira, panalibe yogunda inzake. Zonse zija ankazikalipira m'mawa uliwonse, zonunkha, zamiyendo yoonda, kuno zinali ngati mafumu. Ndi a Muimba omwe, dazi lawo likung'anima, ankaoneka ngati munthu woti umugwadire. Mtambo unadutsa pafupi, Nyani anautambasulira dzanja, linabwera lonyowa ndi lozizira. Analinyambita.

"Nthengu," ananong'ona. "Kodi Chauta ali pafupi kuno?"

"Pafupi kwambiri, bwana. N'chifukwa chake sitinama tikafika kuno. Timanamira pansi."

Nyani sanamve n'komwe. Misozi inali ikutsika m'masaya, iye osadziwa.

"Ndakhala ndikugulitsa zimenezi," anatero, "osadziwa chimene ndikugulitsa."

Nthengu anamulekerera pang'ono, chifukwa ngakhale iye, wokwera tsiku ndi tsiku, pamalo amenewa pakamwa pake pankayamba pafatsa. Kenaka anakhosomola.

"Tafika, bwana. Mphasa ija ndi imeneyi. Khomani."

Nyani anatulutsa chikhomo, anachiimika kunja kwa dengu, n'kuchisiya kuti atenge chibonga. Chikhomo chinapita. Anachiperekeza ndi maso chikucheperachepera mpaka psiti.

"Mwina pamenepo ndi pobooka," anatero Nthengu. "Yesani ndi mwendo."

Nyani anatulutsa mwendo, n'kupondaponda. Kunalibe kanthu. Anaubweza msangamsanga n'kuukumbatira ngati mwana wotayika.

"Palibe mphasa."

"Palibe, bwana."

"Nanga chikutigwira n'chiyani?"

"Imirirani bwinobwino. Gwirani apa, pamene phiko lalumikizana ndi thupi."

Nyani anaika dzanja paphewa pa a Dokowe, n'kulichotsa msanga. Panali potentha ngati mwala wa pamoto. Analibwezerapo. Pansi pa nthenga, mnofu unali gwa, ukunjenjemera ngati chikopa cha ng'oma imene yangoombedwa kumene. Anayang'ana kunsonga kwa phiko lija ankaliona kuchokera pansi lili chete. Silinali chete. Nthenga zakunsonga zinali zotakasuka ngati zala, iliyonse ikuyenda payokha, iyi kukwera pang'ono, iyo kupinda, ina kubwerera, osaleka ngakhale kamphindi.

Zala zimenezo Nyani anazizindikira. Anayang'ana zake.

"Akuluka," anatero motsitsa. "Amayiwa akuluka mphepo."

"Kuyambira m'mawa mpaka madzulo, bwana. Akaphonya msoko umodzi, tonse tili pansi."

Apa Nthengu anati nthawi yakwana, aike tsabola. Anatsina Kaputeni pakhosi. Nthawi yomweyo khosi linagwa, zala za kunsonga zija zinaleka kuyenda, phiko lakumanzere linayamba kudzipinda. Dengu linapendekeka, chibonga ndi zikhomo zonse khuthu.

"Mayo! Nthengu! Chikuchitika n'chiyani?"

"Akupuma, bwana," anatero Nthengu akudzikonza nthenga. "Si mwaona phiko lakhala chete?"

Anayamba kugwa mozungulira. Kamluzu kaja kanasanduka mkuntho. Nthengu anaona kuti phunziro lalowa, anaweramira kukhutu.

"Basi amayi, mwachita bwino. Dzukani."

Zii.

"Amayi, zakwana."

Anawajompha pamutu. Anawakoka chikope. Diso linali litatembenuka, ndipo m'mphuno munkatuluka kamkonono kenikeni, ka munthu amene tulo tamupeza patapita miyezi. Nthenga za Nthengu zinaima zonse.

"Bwana," anatero ndi kamawu koonda, "izi sitinapangane. Agonadi."

"Adzutse!"

"Akundikana! Kuwani inu, muli ndi kukhosi kwakukulu!"

Munthu akagwidwa ndi mantha amathawira ku nyimbo imene amaidziwa, ndipo Nyani ankadziwa imodzi yokha. Anaiyambitsa, yozuna ija, yotonthozera mwana, yonena kuti phiko lokhala chete likupuma. Mkonono unakula. Phiko lachiwiri linayamba kulefuka.

"Mukuwagoneka!" anakuwa Nthengu. "Mukuwauza kuti akupuma! Auzeni zoona!"

Nyani anakumbatira miyendo ya a Dokowe, anatsegula kukamwa konse, n'kuiyambitsa mwina. Sinalinso yozuna. Inatuluka ngati kulira kwa maliro kosakaniza ndi kwa nkhondo. Inkanena kuti phiko lokhala chete m'mwamba ndilo lasenza katundu woposa onse, ndipo kupuma kuli pansi, mutu uli m'nthenga.

Mbalame zinali zitapinda mapiko, zikugwa nawo limodzi mbali zonse, zikusowa pogwira. Zitamva, a Muimba anavomera oyamba, ndi liwu lawo loipa lija. Kenaka adokowe, avuwo, onse.

Koma Nthengu ntchito sanaiwale.

"Onjezani za lumo!"

Nyani anaimba kuti nthenga ya wotopa isadulidwe. Mbalame zinavomera.

"Za tulo!"

Anaimba kuti wotera agone mpaka adzuke yekha, ndipo mbalame yoyasamula isamangiridwe dengu. Zinavomera.

"Kudikira apaulendo ochedwa nakonso ndi ntchito!"

Anaimba. Zinavomera.

"Ndiponso wodya ntchentche apatsidwe ulemu wa ukaputeni!"

"Imeneyo ayi!" anakuwa Nyani, ali mkati mogwa.

Mlambe unali ukubwera mothamanga. Nyani anabwereza nyimboyo kuyambira pachiyambi, ndipo ulendo uno bungwe lonse linavomera pamodzi, makosi onse nthawi imodzi. Amene anali pamsika amati zinamveka ngati bingu lopanda mtambo, amayi anagwetsa malichero, ana anathawira kunsi kwa mabenchi. Liwu limenelo linalowa mpaka kumene a Dokowe anapita.

Diso linatseguka.

Sanakuwe, sanafunse. Anangotambasula. Mapiko onse awiri anatseguka phwaa, ngati chinsalu chachikulu chikukung'unthidwa, mfundo za Nyani zinalira koma zinagwira. Dengu linakhudza masamba a pamwamba pa mlambe, linazungulira kamodzi, n'kutera pakati pa msika mofatsa, fumbi osadzuka n'komwe.

Msika wonse unali duu. Mbalame zinatera chozungulira.

"Tafika?" anafunsa a Dokowe.

"Tafika, amayi," anayankha Nyani. Aka kanali koyamba kuwaitana choncho.

Amayiwo anakweza mwendo umodzi, analowetsa mutu m'nthenga, basi.

Nyani anatuluka m'dengu chokwawa. Anamasula mfundo imodziimodzi, pang'onopang'ono ngati akuchotsa minga pa mwana. Atamaliza anatenga lumo lija pamwala n'kupatsa a Muimba.

"Muzimetera ndevu."

"Bwana, nyimbo ija mwayambitsa ndinu, ife tavomera," anatero a Muimba. "Mwambo mukuudziwa."

"Ndikuudziwa. Tsitsani mawu."

Nthengu anali atayamba kale kuuza mpheta kuti zonse zinayenda monga anakonzera, koma ankayankhula atakumbatira mwala, osafuna kuusiya.

Chule wina wa sutikesi anadumpha kubwera kutsogolo.

"Nanga ulendo wathu wa masana? Ife tili ndi chinkhoswe."

"Unyamuka Kaputeni akadzuka."

"Adzuka nthawi yanji?"

"Zimenezo sizikukukhudzani, bambo. Ngakhale ine sizikundikhudza."

Msika unatha anthu akugulana monong'ona. Tsiku linalo linadutsa, amayiwo ali chiimire pa mwendo umodzi. Mkuja wake, dzuwa litakwera, mutu unatuluka m'nthenga. Anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anadziwongola, mapiko onse awiri mpaka kunsonga, nthenga zonse zilipo, osasowa ndi imodzi yomwe. Mthunzi wake unaphimba Nyani pamene anakhala ndi luzi lake, ndipo iye anaimirira osadziwa kuti waimirira.

"Pali ulendo, bwana?"

"Ulipo, amayi, ngati tulo mwakhuta."

A Dokowe anaganiza kaye. Anayang'ana dengu, anayang'ana chule wa sutikesi uja, anayang'ana kumwamba.

"Sindinakhute," anatero, n'kubweza mutu m'nthenga.

Nthano yatera pamenepa. Amene anakwirira mbatata pamoto akaphule isanapserere, koma ayende monyang'ama, a Kaputeni ali mtulo.